Woima ndi pulezidenti pa chisankho cha ku America: amasankhidwa bwanji, amagwira ntchito yanji?

Wowerenga wina watifunsa pa imelo kuti: "Kodi ku America wachiwiri kwa pulezidenti amamuvotera payekha? Nanga akalowa m'boma amachita chiyani?"

Zikomo pofunsa. Pa pepala lovotera mu Novembala maina awiriwo amakhala pamodzi, mumachonga kamodzi basi. Koma amene amamaliza nkhaniyi ndi nthumwi 538 za Electoral College, gulu la nthumwi za m'zigawo zimene zimasankhidwa potengera mavoti a mu Novembalawo. Iwowa mu Disembala amaponya mavoti awiri osiyana, ina ya pulezidenti, ina ya wachiwiri, ndipo aliyense amafunika mavoti 270.

Poyamba, amene wabwera pambuyo pa wopambana ndiye ankakhala wachiwiri. Mu 1800 Thomas Jefferson ndi Aaron Burr, a chipani chimodzi, anafanana mavoti 73 aliyense, mpaka aphungu anavota maulendo 36 kuti apeze pulezidenti. N'chifukwa chake mu 1804 anakonza lamulolo.

Lamulo limeneli lili ndi msampha. Nthumwi siingapereke mavoti ake onse awiri kwa anthu a m'chigawo chake chomwe. Mu 2000 George W. Bush ndi Dick Cheney onse ankakhala ku Texas, chigawo cha mavoti 32. Cheney anakalembetsa msanga ngati wovota ku Wyoming. Bush anapambana ndi 271 okha, kotero popanda mavoti a Texas Cheney sakanafika pa 270.

Wopikisana pa upulezidenti asanatchule dzina la woima naye, maloya amafufuza munthuyo: misonkho, ngongole, milandu, thanzi, zimene analankhulapo kale. Akachita mothamanga zimavuta. Mu 1972 George McGovern anasankha Thomas Eagleton osadziwa kuti anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha matenda a maganizo. Nkhani itaphulika, Eagleton anachoka pasanathe milungu itatu, ndipo anthu anayamba kukayikira McGovern mwini wakeyo.

Ambiri amati woima naye amabweretsa mavoti a kwawo, amvekere Lyndon Johnson anathandiza John Kennedy kutenga Texas mu 1960. Zoterezi sizichitika kawirikawiri. Ovota maso awo amakhala pa mwini mpando.

Ntchito zolembedwa m'malamulo n'zochepa. Wachiwiri amatsogolera nyumba ya malamulo ya Senate, koma amavota pokhapokha maseneta akafanana mavoti. Kamala Harris anatero maulendo 33, kuposa wina aliyense. Wachiwiri amatsogoleranso kuwerenga mavoti a nthumwi pa 6 Januwale, popanda mphamvu yokana ngakhale imodzi.

Ntchito imene ife timaiona yolemera ndi kulowa m'malo, monga anachitira mayi Joyce Banda kwathu kuno mu 2012. Ku America zachitika kasanu ndi kanayi: apulezidenti 8 anamwalira ali pampando, ndipo Richard Nixon anatula pansi udindo mu 1974. Ndiye chifukwa chake woima naye amafunika kukhala ndi zomuyenereza zonse za pulezidenti: zaka 35, nzika yobadwa nayo, komanso atakhala m'dzikomo zaka 14. Gerald Ford, amene analowa m'malo mwa Nixon, sanavoteredwe pa mpando uliwonse mwa iwiriyi. Anachita kusankhidwa ndi Nixon kukhala wachiwiri mu 1973, wachiwiri wakale Spiro Agnew atatula pansi udindo, ndipo nyumba zonse ziwiri za malamulo zinavomereza.