Funsani za Thanzi: Kodi laser singawotche khungu lakuda?

Funso: Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Pachibwano panga pamamera tindevu timene ndimazula Loweruka lililonse ndi kachitsulo kozulira nsidze, moti pamalopo padzaza timadontho takuda. Saluni ina ya kufupi ndi kumene ndimakhala ikutsatsa kuchotsa tsitsi ndi laser pamtengo wotsika, koma mnzanga amene anapitako anatuluka matuza, ndipo atapola patsaya pake panatsala mawanga oyera a makona anayi, ondandalikana ngati njerwa. Kodi laser ndi ya azungu okha? — Mayi N., Johannesburg

Yankho: Mayi, laser si ya azungu okha ayi, komabe mantha anuwo ndi omveka, ndipo zimene zinaonekera mnzanuyo sikuti linali tsoka chabe. Laser ndi kuwala kwa mtundu umodzi kumene kwaunjikidwa pa kamalo kochepa. Uta wa Leza uli ndi mitundu yambiri, koma makina aliwonse a laser amatulutsa umodzi wokha, ndipo nkhani yonse yagona pa kusankha mtundu woyenera khungu la munthuyo. Mu 1983, akatswiri awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi John Parrish, anaonetsa kuti munthu akasankha bwino mtundu wa kuwala ndiponso kutalika kwa nthawi imene kuwalako kukhale kukung'anima, angathe kutentha kanthu kamodzi m'kati mwa khungu osawononga zoyandikana nako. Pochotsa tsitsi, kanthu kamene makina amasaka ndi melanin, utoto wachibadwa umene umadetsa tsitsi. Melanin amameza kuwala n'kutentha, monga mmene malaya akuda amatenthera msanga kuposa oyera padzuwa la mu Okutobala, ndipo kutenthako ndi kumene kumafooketsa muzu wa tsitsi.

Vuto ndi lakuti utoto womwewo ndi umene uli pakhungu lanu ndi langa. Pa munthu woyera wa tsitsi lakuda, makina amaliona tsitsilo ngati kamwala kakuda mu mpunga wopeta, pamene pa ife khungu lapamwamba limayamba kumeza kuwalako kusanafike kumuzu, ndipo likatentha mopitirira limapsa. Likamapola limatha kuda kwambiri kwa miyezi yambiri, kapena kuyera ngati timaselo topanga utoto tawonongeka, ndipo mawanga oyerawa nthawi zina sabwereranso mwakale. Mawanga ooneka ngati njerwa kawirikawiri amakhala chidindo cha kukamwa kwa makina otchedwa IPL, amene masaluni ambiri amawatcha laser ngakhale kuti kwenikweni ndi nyale yamphamvu yotulutsa kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi. Pakhungu lakuda kwambiri, ine sindingalangize munthu kugonera makina amenewa ngakhale atamuuza kuti ndi zaulere.

Mitundu ya kuwala amaiyeza m'manambala, ndipo nambala zake ndi zofunika kuziloweza musanalowe pakhomo pa saluni. Laser ya ruby ndi ya 694, ya alexandrite ndi ya 755, ya diode ndi ya pafupifupi 810, ndipo ya Nd:YAG ndi ya 1064. Pa zinayizi, nambala ikamakwera melanin wa pamwamba pa khungu amameza kuwala kochepa, ndipo kuwalako kumalowa mozama kukafika kumuzu, n'chifukwa chake madokotala a khungu amayamba kuganizira Nd:YAG ya 1064 akalandira munthu wakuda. Imapwetekako ndithu, ndipo mwina mungafunike maulendo ochulukirapo, koma khungu limapulumuka, makamaka ngati makinawo ali ndi choziziritsira. Diode imathekanso ngati mphamvu yatsitsidwa ndipo woigwiritsa ntchito ndi wozolowera khungu ngati lathu.

Mukapita adzakuonetsani tchati cha magulu 6 a khungu, chimene Thomas Fitzpatrick, dokotala wa ku Harvard, anakonza mu 1975. Poyamba munali magulu 4 okha, onse a anthu oyera, ndipo gulu 5 ndi 6 anawonjezera pambuyo pake. Ndiye kuti ife tonse, kuyambira woyererako mpaka wakuda bii, tapanikizana m'zipinda ziwiri, ndipo tchati chotere sichingauze munthu mphamvu yeniyeni imene khungu lanu lingapirire. Chodalirika ndi kuyesa kaye pa kamalo kobisika, monga kunsi kwa nsagwada, kenako n'kudikira masiku angapo, ngakhale masabata awiri, popeza khungu lakuda limachedwa kuonetsa kuti lapsa. Amene akukana kuyesa chifukwa choti mtengo wotsikawo ukutha lero, m'tsazikeni. Funsani dzina ndi nambala ya makina, pemphani zithunzi za anthu a khungu ngati lanu atapola, ndipo onetsetsani kuti nonse awiri mwavala magalasi oteteza maso. Ngati akuti ndi dokotala, kumeneko dzina lake liyenera kupezeka m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, monga mmene kuno kumudzi liyenera kupezekera ku Medical Council of Malawi.

Kuzulako lekani kwa mwezi wathunthu kapena kupitirirapo musanayambe, chifukwa muzu ukachoka laser imasowa chosaka, komanso kuzula komweko ndi kumene kukubweretsa timadonthoto. Muzimeta basi, ndipo musamvere zoti kumeta kumachulukitsa ndevu. Yembekezani maulendo 6 mpaka 8, otalikirana masabata 4 mpaka 6, popeza laser imagwira tsitsi lokhalo limene lili m'nyengo yokula, ndipo dziwani kuti tsitsi limachepa kwambiri koma silitheratu. Chinanso, ngati msambo wanu umadumphadumpha kapena mwanenepa mosadziwika bwino, yambani mwaonana ndi dokotala, chifukwa ndevu za amayi nthawi zambiri zimachokera ku vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, ndipo likapanda kusamalidwa ndevuzo zimangobwereranso.

Funso: Kuntchito kwathu amafuna kuti tizimeta ndevu mpala, koma ndikangometa pakhosi pamatuluka tiziphuphu towawa. Ku babashopu amandipaka sipiriti koma sizikusintha. Kodi laser ingathandize? — Bambo C., Lilongwe

Yankho: Bambo, tiziphuphu timeneto si matenda otengera kwa ometa, ndipo sipiriti sangatithetse. Ndevu zathu ndi zopotana, choncho lezala ikazidula mpala nsonga yake imakhala yakuthwa, ndipo zikamakula zimapindika n'kubaya khungu lomwelo, thupi n'kumalimbana nazo ngati munga. Laser ya Nd:YAG imathandiza kwambiri vutoli chifukwa imachepetsa ndi kufewetsa ndevu, koma ganizani mofatsa, popeza pamene yadutsapo ndevu sizidzameranso mokwanira. Ambiri amasankha kuchotsa za pakhosi zokha n'kusiya za pachibwano. Ngati mwayamba imvi, ndevu zoyerazo laser siziona chifukwa mulibe melanin. Musanawononge ndalama, yesani kumeta ndi makina a magetsi osiya ndevu za milimita imodzi, motsatira kumene ndevu zagonera, ndipo dokotala angakulembereni kalata yofotokozera abwana anu. Ngati thupi lanu limatupa zipsera zolimba pamene munatemedwa mphini kapena pamene munavulala, muuzeni wogwira makinayo asanayambe, chifukwa kupsa pang'ono kokha kungakusiyireni chipsera chotere pakhosi.

Funso: Ndadzola mafuta oyeretsa khungu kwa zaka 6. Tsopano masaya ada kuposa kale ndipo akuoneka ngati afumbi. Ndamva kuti laser imachotsa mawanga. Ndipite? — Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Yankho: Musapite panopa, mayi. Mafuta ambiri oyeretsa amakhala ndi hydroquinone, mankhwala a m'gulu la steroid monga clobetasol, kapena zonse ziwiri. Hydroquinone akadzoledwa zaka zambiri amabweretsa kuda kotuwira kumene madokotala amati ochronosis, vuto limene dokotala wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake analifotokoza mu 1975 ataliona pa amayi ambiri, ndipo dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Steroid naye amapyapyalitsa khungu, moti timitsempha timaonekera ndipo bala limachedwa kupola, ndiye khungu lotere likakumana ndi laser limapsa mosavuta. Zingathekenso kuti lanu ndi vuto lina lotchedwa melasma, mawanga a m'masaya ndi pamphumi amene amakonda kubwera mayi akakhala ndi pakati kapena akamamwa mapiritsi olerera, ndipo amenewa amatha kuderatu akatenthedwa, kapena kuchoka n'kubwereranso patangopita miyezi yochepa.

Tengani mabotolo ndi machubu onse amene mwakhala mukudzola mupite nawo kuchipatala cha khungu, monga cha ku Queen Elizabeth Central Hospital, kuti akaone chimene chili m'katimo ndi chimene chili pamasayapo. Musadabwe akakuuzani kuti steroid mumusiye pang'onopang'ono, chifukwa kumusiya tsiku limodzi kumachititsa nkhope kufiira, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu. Pakali pano dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kupitirira m'mawa uliwonse, ndipo popita kumsika muzivala chipewa chachikulu kapena kufunda ambulera. Ochronosis ndi wovuta kuchiza, ndipo ngakhale laser ya 1064 yong'anima mofulumira kwambiri imachepetsako kudako pa anthu ena, madokotala amaiganizira pokhapokha mafuta aja atasiyidwa kwa miyezi ingapo ndipo khungu labwerera mphamvu.