Zitenje za amayi anu zisathere m'sutikesi

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina ndisunga. Amayi ake anatisiya chaka chatha, anasiya zitenje 12. Iye akufuna kuzidula n'kusoka chofunda cha zigambazigamba, chija azungu amati quilt, kuti adzapatse mwana wake wamkazi pa ukwati. Azakhali akuti za malemu sizidulidwa. Akufunsa kuti ndikulakwa kodi, nanga ndiyambire pati?

Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Agogo anga atamwalira, katundu wawo anagawidwa tsiku lometa, pamphasa, pansi pa mtengo wa mango. Mapoto anapita uku, mtondo uko. Ine anandiponyera zitenje ziwiri. China cha maluwa ofiira, chimene anatiberekera tonse zidzukulu mpaka pakati panayera ndi misana yathu. Chinacho cha nkhope ya Kamuzu, cha nthawi ya mbumba, ankavala akamakavina pa 6 Julayi. Agogo ankanyadira kuti nsalu zawo ndi za kwa David Whitehead ku Blantyre, osati zopyapyala zapanozi zimene ukaziyang'anitsa padzuwa umaona munthu ali kuseri.

Ndiye ine n'kuchita chiyani? Ndinazipinda bwinobwino, n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi, pamwamba mabuku. Ndimati ndi ulemu umenewo. Zaka zinadutsa, ndinasamuka nyumba katatu, nyumba ina inkadontha dzinja lonse. Tsiku limene ndinatsegula kuti ndionetse mwana wanga, fungo la nkhungu linandilandira. Cha maluwa chija chinali mabowo okhaokha m'mizere yopindira, njenjete zitachita phwando. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Zimene ndinapulumutsa pa zitenje ziwirizo ndi tizidutswa tisanu ndi kamodzi, kalikonse ngati chikhatho.

Tsono ndinene mosapsatira. Simukulakwa. Amayi anuwo, akanakhala moyo, chitenje chikatha akanachitani nacho? Akanang'amba matewera, akanapota nkhata yosenzera ndowa, akanagamba kabudula wa mdzukulu. Amayi athu sankasunga nsalu kuti aziyipembedza. Ife ndi amene tayamba khalidwe lotsekera zinthu m'masutikesi n'kumati tikukumbukira, pamene tikungodyetsa mphemvu.

Koma azakhali musawanyoze. Mwina mawu awo ndi a mwambo, koma mwinanso n'chisoni chabe: mchemwali wawo anapita, ndiye akuona sizasi ikulowa m'nsalu imene ankamuona nayo kumunda ndi kutchalitchi. Atengereni chitenje chimodzi chathunthu, chimene iwo asankhe okha, mukawapatse mutagwada. Kenako muwapemphe asoke chigamba choyamba ndi dzanja lawo. Munthu amene walowetsapo singano sanenanso kuti n'zoletsedwa.

Zoterezi si zathu zokha. Ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama m'dziko la America, amayi akhala akusoka zofunda kuchokera ku mathalauza ogwirira ntchito kumunda ndi madiresi akutha, chifukwa cha umphawi ndi kuzizira basi. Mu 2002 zofunda zawozo zinakapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston, anthu n'kumazizwa nazo. Ife kuno chigamba timachita nacho manyazi, tikuti n'cha osauka. Pa ukwati timapikisana kugula mabulangeti a m'mapepala apulasitiki, mkwatibwi n'kulandira asanu ndi atatu ofanana, osadziwa kuti ili linachokera kwa ndani. Zimandinyansa ndithu, ngakhale inenso ndagulapo awiri mwezi wathawu.

Kasokedwe kake

Chapani zitenje zonse kaye, chilichonse pachokha, kuti zotuluka utoto zidziwike. Zisiteni. Malo operepeseka asiyeni, dulani polimba pokha. Dulani katoni ya masentimita 17 mbali zonse ikhale muyeso wanu. Mukasiya sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse, chigamba chikhala 15. Pa bedi la anthu awiri, mizere 15 ya zigamba 13 ikwana, ndiye kuti zigamba 195. Ziyaleni pamphasa musanasoke, muzisinthasintha mpaka maso akhute. Lumikizani mzere umodziumodzi, kenako mizereyo. Pakati ikani bulangeti lopepuka, pansi shiti ya kotoni, n'kusoka zonse zitatu pamodzi kuyambira pakati kupita kumphepete, apo ayi zikwinyika. Makina a Singer apamanja akwana polumikiza zigamba, koma zitatuzo ine ndimakonda kuzibaya ndi dzanja. Ukwati ukakhala pafupi musapupulume, chofundacho mudzachipereka mwana woyamba akabadwa.

Pangodya ina musokepo dzina la amayi anu ndi chaka, ndi ulusi wakuda. Ine ndinaiwala kutero. Tizidutswa tanga tija ndinatizunguliza ndi nsalu zina, panatuluka kachofunda kakang'ono koti sikafika kumapazi, ndipo mwana wanga amagona nako mpaka lero. Dzulo wandionetsa kuti diso la Kamuzu layamba kusomoka ulusi, ndiye Loweruka ndili ndi ntchito.