Kodi amayi ku Lilongwe amagwira ntchito zanji?

Achemwali a ku Kamuzu Road ku Salima, mwafunsa kuti mtsikana wanu amene wamaliza Fomu 4 akapeza ntchito yanji ku Lilongwe.

Za pa Capital Hill, uphunzitsi ndi unamwino wa ku Kamuzu Central zimafuna mapepala oposa MSCE. Amayi ambiri mumzinda amadya za m'manja mwawo: kaunjika pa msika wa Tsoka, saluni, kusoka, timatebulo ta Airtel Money ndi Mpamba. Ku Kanengo amalemba anthu m'mafakitale a fodya, koma ndi za nyengo. Msika wa fodya ukatsekedwa, ambiri amabwerera kunyumba.

Ntchito yomwe imapezeka msanga ndi yam'nyumba, ndipo ndi imene ndimakayikira. Mwana amadzuka tambala woyamba, kukolopa, kuchapa, kubereka khanda la abwana, mwezi ukatha n'kumuuza kuti chakudya ndi pogona n'zomwezo. Mukalola, gwirizanani malipiro asanakwere minibasi.

Ine ndikadakhala inu, ndikadamupezera kampamba. Usipa wa ku Senga Bay ndi mpunga wa Kilombero sizigona pa msika mumzinda, ndipo pa msewu wa M14 mumapita n'kubwera tsiku lomwelo. Apo ayi, akayese kaye mwayi wa maphunziro a ntchito zamanja ku Salima Technical College.