Yankho kwa amai amene akaloba akufuna kuwatengera filiji

Amai, mwati muli ndi nkhongole kwa akaloba, kubanki ndi ku chilimba, ndipo akaloba aopseza kudzanyamula filiji. Musazimitse foni, pakuti kubisala kumangowakwiyitsa. Musakongolenso kwina kuti mutseke dzenjeli.

Yambani ndi akaloba, chifukwa chiwongola dzanja chawo chimakwera mwezi uliwonse. Pitani ndi mboni, muwauze zimene mungakwanitse mukachotsa za unga, lendi ndi sukulu, ndipo mulemberane pa pepala. Ndalama iliyonse tumizani pa Airtel Money kapena MTN kuti meseji ikhale umboni. Lamulo la Money-lenders Act limaona chiwongola dzanja chopitirira 48 peresenti pachaka ngati chopyola muyeso. Ngati filijiyo simunaiike chikole, sangainyamule popanda chilolezo cha khoti. Akabwera ndi ukali, pitani kupolisi. A Legal Aid Board, bungwe lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, muno mu Chipata angakuthandizeninso. Khadi la ATM ndi NRC musasiye m'manja mwa akaloba, ndakupemphani.

Kubanki pemphani kuti akuwonjezereni miyezi yobwezera. A chilimba ndi anzanu, auzeni chilungamo tsiku lanu lopereka lisanafike.