Kodi ndalama ya mayunitsi imasanduka ya ESCOM nthawi yanji?

Mayi wina amene ali ndi saluni ku Chibavi wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene ESCOM imadandaulira za kuchepa kwa ndalama pamene iwo amalipiriratu mayunitsi asanayatse n'komwe makina owumitsira tsitsi. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa mkangano wamtundu womwewu ndi umene unandichotsa pa ntchito yosunga mabuku a ndalama pa sukulu ina ya pulayiveti kuno ku Mzuzu.

Pa sukulupo makolo ankalipira fizi ya teremu yonse m'sabata yoyamba, ndipo mwini sukulu akaona ndalama zitadzaza ku banki ankayamba kukamba zogula minibasi. Ine ndinkalemba ndalamazo ngati ngongole imene sukulu inali nayo kwa makolo, kenaka mwezi uliwonse ndinkasamutsa gawo limodzi kupita ku ndalama zolowa, popeza apa ana anali ataphunzira, atadya komanso atagona. Bwanawo ankati ndikuwabisira phindu, ndipo tsiku lina anandifunsa pamaso pa aphunzitsi kuti ndalama imene ili m'manja mwawo ingakhale bwanji ngongole. Ndinayesa kufotokoza kuti sukulu itatsekedwa mawa, kholo lililonse lingabwere kudzaitanitsa ndalama ya masabata otsalawo, koma sanafune kumva. Pofika mwezi wachitatu wa teremu, wogulitsa chimanga ndi nyemba ankakhala pakhonde la ofesi kudikira ndalama zake, aphunzitsi nawonso malipiro osaoneka. Tinasiyana teremu yotsatira isanayambe.

Mpaka lero sindigwirizana ndi aliyense amene amasakaniza ndalama yolandira ndi ndalama yoigwirira ntchito, kaya ndi mwini grosale kaya ndi wandale amene akulankhula pa wayilesi. Makampani akuluakulu amatsatira lamulo la kawerengedwe ka chuma lotchedwa IFRS 15, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo mfundo yake ndi yakuti ndalama imalembedwa ngati yolowa pokhapokha kampani ikapereka chimene inalonjeza. ESCOM sinakulonjezeni tokeni ya manambala 20 ija imene imabwera pafoni mukagula kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma inakulonjezani magetsi. Tiyerekeze kuti mwalipira K20,000. Gawo lina ndi msonkho wa VAT umene umapita ku MRA, ndipo palinso timisonkho tothandizira ntchito za MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndi zofikitsa magetsi kumidzi. Zimenezi ESCOM imangotolera m'malo mwa eni ake, choncho sizilowa n'komwe m'ndalama zake. Chotsalacho, malinga ndi lamulo lija, ndi ngongole ya kampani kwa inu mpaka mita itawerenga kuti mayunitsiwo mwawagwiritsa ntchito. Popeza mita zambiri za m'nyumba sizitumiza uthenga ku ofesi, owerengera ndalama amachita kuyerekeza, pakutha pa chaka, kuchuluka kwa mayunitsi amene anagulidwa koma akadali m'mita za anthu.

Apa ndi pamene kuzimazima kwa magetsi kumapwetekera kampani yomwe. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo anthu ambiri tinakhala maola ochuluka mumdima. Mayunitsi ankakhalitsa m'mita, anthu ankagula mwa apo ndi apo, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti ndalama zolowa zinkatsika pamene malipiro a antchito ndi kukonza mawaya zinali pomwepo.

Komabe ine ndimaona kuti vuto lalikulu silili kwa inu olipiriratu, lili kwa amene amalandira bilu kumapeto kwa mwezi. Kwa iwowa zinthu zimayenda mosemphana, chifukwa magetsi amapita kaye, ndalama n'kulembedwa m'buku ngati yolowa, ngakhale ya masiku amene ali pakati pa tsiku lowerenga mita ndi kutha kwa mwezi, koma m'thumba la kampani simunalowe kanthu. Nyuzipepala zakhala zikulemba kawirikawiri za ngongole za magetsi zimene nthambi za boma zimachedwa kubweza. Ngongole ikakalamba, lamulo lina la IFRS 9 limakakamiza kampani kuvomereza m'mabuku kuti gawo lina mwina silidzabwera, ndipo phindu limadyeka pomwepo. Kunena zoona, si chilungamo kuti mayi wa saluni azilipira asanayatse getsi pamene ofesi yaikulu ikuyatsa miyezi yambiri osalipira, ndipo pa mfundo iyi sindisintha maganizo.

Magetsi ogulidwa koma osagulitsidwa

Kuyambira mu 2017, ntchito yopanga magetsi inachotsedwa ku ESCOM n'kupatsidwa kwa kampani ina ya boma yotchedwa EGENCO, choncho ESCOM imachita kugula magetsi amene imagulitsa. Ochuluka amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kuti afike ku Luwinga kapena ku Katoto amayenda mtunda wautali, popeza Wovwe ku Karonga ndi malo aang'ono. Ena amatayika m'mawaya ndi m'matransifoma, ena amabedwa ndi anthu olumikiza mozemba mita. Magetsi amenewa ESCOM imawalipira kwa wopanga, koma sadzalembedwa konse ngati ndalama zolowa chifukwa palibe mita imene inawawerenga. Mtengo wa yuniti nawonso kampani siikhazikitsa yokha, amavomereza ndi a MERA, kotero singangokweza lero kuti itseke dzenjelo.

Tsono kwa inu mayi, yankho ndi lakuti ndalama yanu imafika msanga ku ESCOM, koma m'mabuku imasanduka yawo pang'onopang'ono pamene mita ikutsika. M'kope lanu la saluni chitani chimodzimodzi: lembani mayunitsi amene ali pa mita tsiku loyamba la mwezi, onjezani amene mwagula, chotsani otsala tsiku lomaliza, ndipo yankho lake ndi mayunitsi amene mwagwiritsa ntchito; mtengo wa amenewa ndiwo muziuwerengera ngati ndalama ya magetsi ya mwezi umenewo poona phindu lanu.