Kambalame kanu kakuluma dzanja chifukwa kakuliopa

Amayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, atilembera imelo yofunsa za kachinkhwe kawo ka mtundu wa budgie. Akuti kale kankatera pa chala popanda vuto. Tsiku lina kanatuluka m'khola n'kumauluka m'nyumba, ndipo ana anakathamangitsa mpaka kukagwira ndi thaulo. Kuyambira pamenepo, dzanja likangoyandikira kamaluma, nthawi zina mpaka kusiya chizindikiro. Funso lawo ndi lakuti: kodi kadzakhalanso ngati kale, kapena basi kawonongeka?

Amayi, kambalame kanu sikanawonongeke, ndipo si kankhanza. Budgie ndi mbalame ya ku Australia yolemera magalamu 30 mpaka 40 okha, ndipo kuthengo imagwidwa ndi mbalame zolusa zochokera kumwamba. Dzanja lotsika pamutu pake limaoneka ngati kabawi. Tsiku la thaulo lija kanaphunzira kuti dzanja limagwira. Kenako kanaphunziranso chinthu chachiwiri, chomwe ndiye chovuta kwambiri: kakaluma, dzanja limathawa. Nthawi iliyonse imene mwalumidwa n'kukoka dzanja msanga, mwakaphunzitsa kuti kuluma kumathandiza. Ntchito yanu tsopano ndi kuchotsa chifukwa cholumira, kenako kukaonetsa kuti dzanja limabweretsa zabwino.

Yambani ndi sabata imodzi yosakakhudza n'komwe. Muwauze ana momveka bwino, pakuti mwana mmodzi akalowetsa chala m'khola, ntchito ya masiku asanu yabwerera pambuyo. Khola likhale lotsamira khoma mbali imodzi, pamalo okwera ofanana ndi pachifuwa panu, osati pansi pomwe anthu amakayang'ana kuchokera pamwamba. Posintha madzi ndi chakudya, yendetsani dzanja pang'onopang'ono, lochokera m'munsi. Kawiri pa tsiku khalani pafupi ndi khola kwa mphindi 10 kapena 15, muzilankhula motsitsa mawu, kaya mukusankha nyemba kaya mukuwerenga. Musakayang'anitsitse m'maso, nyama yofuna kugwira inzake ndiyo imayang'ana choncho.

M'sabata imeneyi phunzirani kuwerenga thupi lake, chifukwa kawirikawiri budgie saluma asanachenjeze. Kakaopa, nthenga zimamatirira thupi n'kuoneka koonda, kamapendekera kumbuyo, kamatsegula mlomo, nthawi zina kamalira mokalipa. Mukaona zimenezi, imani pomwepo, bwezani dzanja pang'ono mpaka kakhazikike. Kakamasuka, kamaima ndi mwendo umodzi, kamadzikonza nthenga inu muli pomwepo, ndipo madzulo kamakukuta mlomo, phokoso laling'ono ngati munthu akuswa njere ndi mano. Mukamva kukukutako muli pafupi, dziwani kuti nthawi ya sitepe yotsatira yakwana.

Chida chachikulu ndi ngala ya mapira aang'ono imene amagulitsa m'masitolo a ziweto, ya millet spray. Ikasowa, mawere kapena mchewere, umene kuno amati mhunga, umapezeka ku msika wa Mbare Musika. Onetsetsani kokha kuti ndi wouma bwino, wopanda nkhungu, ndiponso wosathiridwa mankhwala ophera anankafumbwe, chifukwa mankhwala amenewo angaphe kambalame kakang'ono chotere. Chotsani ngalayo m'khola kuti isamapezeke nthawi zonse. Izichokera m'dzanja lanu mokha. Chakudya chake cha masiku onse, pafupifupi masipuni aang'ono awiri a njere pamodzi ndi masamba otsukidwa ngati repu kapena kaloti wopala, chizikhalamo monga mwa nthawi zonse. Ena amalangiza kukamana chakudya kuti kabwere ndi njala. Musatero. Thupi la budgie limatha chakudya msanga, ndipo tsiku limodzi lopanda kudya likhoza kukafooketsa koopsa. Kuphunzitsa m'mawa musanathire njere zatsopano n'kokwanira.

Poyamba lowetsani nsonga ya ngala pakati pa mawaya, dzanja lili kunja. Gwirani osagwedeza kwa mphindi zisanu. Kakapanda kubwera, chotsani, mudzayesenso masana. Maulendo awiri kapena atatu aafupi pa tsiku amaposa ola lathunthu limodzi. Kakayamba kudya mosazengereza kwa masiku atatu otsatizana, tsegulani chitseko, mulowetse ngala yaitali, zala zanu zili kumapeto, masentimita 15 kuchokera pamlomo pake. Tsiku lililonse gwirani pafupiko pang'ono, mpaka njere zikhale pakati pa zala. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Kambalame kakadya kamodzi pafupi ndi chala, mtima umathamanga, munthu n'kufuna kukasisita. Kamaluma, ndipo zonse zimayambiranso. Dikirani mpaka kokha kaike phazi pa chala pofuna kufikira njere zomwe mwaziika patsogolo pang'ono.

Ngati kakuopabe chala, gwiritsani kaye ntchito kamtengo kofanana ndi komwe kamaterapo m'khola. Kakhudzitseni mopepuka m'munsi mwa chifuwa, pamwamba pa miyendo, n'kunena mawu amodzi okha nthawi zonse, monga "kwera". Kakakwera, kapatseni njere nthawi yomweyo. Pakapita masiku, gwirani kamtengoko chala cholozera chitatambasuka pamwamba pake, kuti phazi limodzi liziponda mtengo, lina chala.

Pali chinthu china choyenera kusiyanitsa. Budgie amagwiritsa ntchito mlomo ngati dzanja lachitatu. Asanakwere pa nthambi amayamba waigwira ndi mlomo kuti aone ngati ili yolimba. Kugwira kumeneku sikupweteka. Mukachotsa chala panthawi imeneyi, kamaona kuti chala chanu ndi nthambi yosadalirika. Limbani mtima, chala chikhale chili.

Nanga kakaluma zenizeni? Musakuwe, musagwedeze dzanja, musakamenye pamlomo ndi chala, musakawaze madzi. Chilango sikachimvetsa, kamangoona kuti mantha ake anali oona. Khalani chete masekondi ochepa, kaikeni pa kamtengo kake modekha, muchokepo kwa mphindi zingapo. Kenako dzifunseni kuti chenjezo linali liti limene simunalione, ndipo mubwerere sitepe imodzi. Magolovesi sitikulimbikitsa: amakulitsa dzanja, ndipo inu simumva mphamvu imene mukukagwira nayo.

Simunatiuze ngati ndi kakakazi kapena kakamuna, ndipo zimenezi zili ndi ntchito. Yang'anani kachikopa ka pamwamba pa mlomo pomwe pali mphuno. Kwa ambiri aakulu, kachikopa ka kamuna kamakhala ka buluu, ka kakazi koyererako kapena kofiirira. Kakazi kakafika nyengo yofuna kuikira, kachikopako kamada n'kukhakhala, ndipo kambalameko kamateteza khola ngati chisa, kuluma kwake kumakhala kowawa kuposa kwa kamuna. Zikatero chotsani kabokosi kalikonse, kagalasi, ndi pena paliponse pamdima pomwe kangabisale. Musakasisite pamsana, ndipo kagone maola 10 mpaka 12 mumdima. Khola lomwe lili pabalaza pomwe TV imalira mpaka pakati pa usiku limatulutsa mbalame yotopa ndi yokwiya msanga. Nthawi yothothoka nthenga nayonso, zatsopano zikamatuluka ngati timinga pamutu, thupi limamva kuwawa likakhudzidwa.

Mbalame yodwala nayo imaluma, ndipo budgie amabisa matenda mpaka atakula. Kakamakhala kofutukuka nthenga tsiku lonse, mchira ukugwedezeka popuma, zitosi zitasintha, kapena kakhala pansi pa khola, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, maphunziro adikire. Magetsi akazima, mbaula ya makala, sitovu ya parafini ndi mankhwala ofukiza udzudzu zisakhale m'chipinda chomwe muli khola, pakuti mapapo a mbalame sapirira utsi. Chimodzimodzinso poto wosamatirira akapsa kwambiri pamoto. Mapeyala (avocado), chokoleti ndi khofi ndi poizoni kwa mbalamezi. Usiku wa June ndi July kuno ku Harare kumazizira. Funditsani khola mbali zitatu, kutali ndi zenera.

Za kutulukanso m'khola, dikirani mpaka kazikwera pa chala kapena pa kamtengo mosavuta. Tsiku limenelo tsekani zitseko ndi mawindo, kokani makatani kuti kasawombe galasi, zimitsani fani, ndipo ngala ikhale m'khola kuti kabwerere kokha kakamva njala. Kakakana kubwerera, chepetsani kuwala m'chipinda, kayandikireni ndi kamtengo kaja, thaulo likhale kutali. Kambalame komwe kanazolowerapo dzanja ngati kanu kawirikawiri kamabwerera msanga kuposa komwe sikanagwidwepo, koma konzekerani masabata angapo, mwina miyezi iwiri, ndipo ana ayambe kupereka njere pokhapokha kakayamba kudya m'dzanja lanu mosaopa, mmodzimmodzi, atakhala pansi.