Musalole kuti aifomate musanakope mafayilo anu

Achemwali, mwalemba kuti mafayilo a m'kompyuta yanu sakutseguka. Chonde musapite nayo kaye kwa munthu amene wakuuzani kuti angoifomatayo, chifukwa kufomata ndi kupukuta zonse zili m'katimo. Mafayilo osatsegukawo, okhala ndi zilembo zachilendo kumapeto kwa dzina, ine ndinawaona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Laputopu yathu ya kunyumba kuno ku Chibavi inali ya Windows 10. Akazi anga ankafuna Microsoft Office yolembera za kusukulu, ndiye ndinainyamula kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta mtauni. Anandiuza kuti ali ndi Office ya crack, yosafuna kugula. Ndinamuona akuzimitsa Windows Defender, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi, ndinamufunsa chifukwa chake, iye nkundiyankha kuti ameneyu amangosokoneza, bwana. Ndinamulipira, ndinamuthokozanso.

Patangopita masiku awiri, usiku, kunja kukugwa kamvula kosalekeza kathu ka ku Mzuzu kuno, ndinakhala pansi kuti ndisankhe chithunzi cha malemu amayi anga. Tinali kukonzekera mwambo wa chiliza ndipo abale anandipatsa ntchito yokasindikiza chithunzi chachikulu. Ndinkadziwa chimene ndinkafuna, chimene ndinawajambula ku Nkhata Bay atavala yunifomu yawo ya Umanyano, akuseka, dzanja limodzi atatchinga dzuwa. Nditatsegula foda ya zithunzi, tizithunzi tonse tinali titasanduka timapepala toyera. Ndinadina chimodzi, chakana. China, chakananso. Ndinathamangira ku foda ya akazi anga, chimodzimodzi, ntchito yawo ya temu yonse. Nyimbo, mavidiyo a ukwati wathu, mabuku a bizinesi yathu ya usipa, chilichonse chinali ndi zilembo zinayi zofanana kumapeto. Pakati pake panali kafayilo kamodzi kokha kotseguka, kotchedwa _readme.txt. Kanalembedwa m'Chingerezi kuti mafayilo anga atsekedwa, ndilipire madola 980, koma ndikawalembera pasanathe maola 72 ndilipira 490. Manja anayamba kunjenjemera. Ndinazimitsa, ndinayatsanso, ndinazimitsanso, poganiza kuti mwina zibwerera zokha. Akazi anga anaima kumbuyo kwanga osalankhula kanthu. Foni imene ndinajambulira chithunzicho inali itabedwa kale, ndiye kunalibe kwina kumene chinali.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa mnyamata uja. Anakanitsitsa, akuti ndi ana anga amene aika magemu, akuti mwina ndi flash imene ndinapita nayo kokasindikiza. Pomwepo anali asanaiyatse nkomwe laputopuyo! Kenako anati vairasi yotere mankhwala ake ndi kufomata basi. Mutu unali utaima, ndinavomera. Anapukuta zonse, anaika Windows watsopano, nkundilipiritsanso kachiwiri, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri nchakuti anabwezeramo Office ya crack yomwe ija. Munthu wosadziwa ntchito koma wolankhula molimba mtima ngati dokotala. Anthu otere akuwononga zinthu za anthu ambiri, amangodziwa kufomata, china chilichonse sadziwa, ndipo safunsa nkomwe ngati muli zinthu zofunika m'katimo.

Ndinadzadziwa mochedwa kuti chinandigwiracho chimatchedwa ransomware, mtundu wa STOP kapena Djvu, ndipo chimafala kwambiri kudzera m'mapulogalamu a crack ndi ma activator, timapulogalamu tochititsa kuti pulogalamu yogula igwire ntchito osalipira. Sichifufuta mafayilo, chimawakhoma ndi kiyi. Ngati kompyuta inali pa intaneti pamene chinkakhoma, akubawo amapanga kiyi yanu nokha, ndipo imeneyo palibe angatsegule kupatula iwo. Koma ngati sichinathe kulumikizana nawo, chimagwiritsa ntchito kiyi imodzi imene chinakhomera anthu enanso ambiri, ndipo kampani ya Emsisoft inatulutsa pulogalamu yaulere mu 2019 imene imatsegula ena mwa mafayilo otere. Laputopu yanga nthawi zambiri inkakhala yopanda bandulo. Mwina chithunzi cha amayi chikanatseguka. Sindinayese nkomwe chifukwa mafayilowo anali atapukutidwa kale.

Ndiye inu chitani izi. Chotsani kompyutayo pa intaneti pompano, ndipo musalowetsemo flash kapena foni iliyonse imene ili ndi zinthu zanu. Pezani flash kapena hard drive yopanda kanthu, mukoperemo mafayilo okhomedwawo pamodzi ndi ka _readme kaja, muisunge padera ngakhale sakutseguka. Kenako pitani mu Windows Security, musankhe Microsoft Defender Offline scan, kompyuta izimitsa yokha nkudzisanthula Windows isanayake. Mukatero muikemo Malwarebytes yaulere, pulogalamu yosaka ndi kuchotsa mavairasi, muidawunilode pa kompyuta ina yabwinobwino, isanthulenso. Koma dziwani kuti kuchotsa vairasi sikutsegula mafayilo, zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pa foni lowani pa webusaiti ya ID Ransomware kapena No More Ransom, ikuthandizani kudziwa mtundu umene wakugwirani ndiponso ngati pali chotsegulira chake. Ndalama musawatumizire, palibe chotsimikiza kuti akupatsani kiyi.

Musaiwale mapasiwedi. Chirombochi nthawi zambiri chimabwera ndi chinzake chimene chimaba mapasiwedi osungidwa mu Chrome. Musinthe a Gmail, a Facebook ndi a kubanki ngati munalowapo pa kompyutayo, koma musinthire pa foni, osati pa kompyuta yodwalayo.

Ngati vuto lanu lili pa flash yokha, mafoda asanduka ma shortcut, imeneyo ndi ina, yopepuka. Mafayilo amangobisika. Musadine ma shortcut amenewo. Tsegulani cmd, kawindo kakuda ka Windows kolembamo malamulo, lembani chilembo cha flash yanu monga E: nkudina Enter, kenako attrib -h -r -s /s /d *.* ndipo zinthu zanu zionekera.

Kunena zoona, mukamaliza kukopa zonse, ifomateni ndithu. Ine sindingakhulupirirenso kompyuta imene inalowedwa chonchi ngakhale scan inene kuti yayera. Ndipo ngati zimene ndalembazi zikukuzunguzani mutu, pitani nayo kwa wokonza, palibe kuchitira mwina, koma mukhale pambali pake mpaka amalize, musamusiyire. Akangoti azimitse Defender, nyamulani laputopu yanu muzipita. Akafuna kukuikirani Office ya crack mukane, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ngati yanu ndi Windows 7, Microsoft inasiya kuitumizira zotetezera mu Januwale 2020, musabwezeremonso yomweyo. Zithunzi za ana ndi za makolo muziike pa Google Drive, amapereka 15GB yaulere, kapena pa flash yokhala mu sutikesi.

Tsegulani ka _readme kaja, pansi penipeni pali personal ID, mndandanda wa zilembo ndi manambala umene akubawo amakuzindikirani nawo. Lembani pano zilembo ziwiri zomaliza. Ngati ndi t1, kawirikawiri imeneyo imakhala kiyi ya anthu ambiri ija, ndipo ndikulondolerani pamene mungapeze pulogalamu ya Emsisoft.